Mbaula m'Chigafa cha Lemani

Ndinamuuza. M'mawa umene ndinapeza phulusa lofunda pansi m'chigafa cha Lemani, ndinamuitana Tithokoze, mdzukulu wanga, n'kumugwira dzanja kuti alikhudze yekha phulusalo.

"Mwanangu, moto ndi fodya wouma sizipatsana moni. Mbaula ija usadzalowenso nayo muno, ngakhale kuzizire chotani."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Atapuma anati iye si mwana, amasamala. Mbaulayo amaikhazika pa chidutswa cha lata pakati penipeni pa chigafa, kutali ndi masamba, ndipo pambali pamakhala ndowa ya madzi. Anandinyengerera kuti ndisawauze amalume ake. Ine ndinayang'ana m'mwamba, m'mikangala mmene fodya wa chaka chonse anali lendelende, wouma ngati mapepala.

Ife si a kuno ku Kasungu. Kwathu ndi ku Balaka, kumene munthu umagona ndi chitenje chokha chaka mpaka chithe. Mwana wanga Lemani ndiye anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mtunthama, kenako anatiitanitsa ine ndi Tithokoze kuti manja achuluke. Mayi wa Tithokoze anali Malita, mwana wanga woyamba. Chifuwa chinamutenga Malitayo, Tithokoze akadali wa kumsana, ndipo mwanayu ndinamulera ndine, ndi phala la m'kapu. Chiyambire pamenepo, munthu akatsokomola m'nyumba ine tulo timatha.

Anthu a pa esiteti amati ndine wamantha. Sindikana. Ndimaletsa ana kumwa madzi a pachitsime tsiku limene apopera mankhwala m'munda. Ndimaletsa kukwera kabaza wa munthu wosadziwika kwawo, kudutsa padambo udzu uli wautali, kudya bowa wozulidwa ndi mlendo, kuima pansi pa mtengo mvula ikamagunda. Lemani amati ndikanakhala ndi mphamvu bwenzi nditaletsa ndi dzuwa lomwe kutuluka, poopa kuti lingapsereze wina. Tithokoze ankangoti, "Ndamva, agogo," miyendo ili kale pakhomo. Mawu anga anali ngati kulira kwa nkhuku pabwalo, aliyense amakumva koma palibe amatembenuka.

Zothamanga za Tithokoze zinayamba mvula itangosiya, tikumaliza kuthyola fodya. Ndinamutuma mchere ndi sopo ku golosale ya a Rajab pa Mtunthama, ndipo anakachedwa. Mwana wa a Rajab, Zuleka, anali mnzake wa kusukulu, Tithokoze asanalekeze pa Fomu 2. Zulekayo ndiye anamukokera kwa a Nelson, bambo wina wowonda amene amatchetcha kapinga pa sukulu ina yaikulu ya kumeneko. Akuti pa unyamata wawo ankathamanga mipikisano mpaka ku Blantyre, ndipo tsopano anali atasonkhanitsa anthu oti aziwaphunzitsa m'mamawa. Onse anali oyamba kumene. Munali telala wina wa mimba yaikulu, akazi a aphunzitsi, anyamata angapo, ndi Zulekayo atafunda kumutu monga mwa chipembedzo chawo.

Tsiku loyamba Tithokoze anabwera akuyenda ngati bakha. Mawa lake analephera ngakhale kunjuta kuti akoleze moto. Lemani anamuseka mpaka misozi, akumufunsa kuti waba chiyani pa Mtunthama kuti amuthamangitse chotero. Ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti kwathu munthu wamkulu amathamanga pa zinthu ziwiri zokha, njoka ndi moto. Ndinamuuzanso kuti mtsikana wothamangathamanga chiberekero chimatsika, ndiponso kuti pamsewu pamayenda malole a fodya oyendetsedwa ndi anthu atulo.

Iye anandiuza chimene ankathamangira. Mu Ogasiti kudzakhala mpikisano pa boma, wa achinyamata a m'midzi. Atsikana otsogola adzatengedwa ndi bungwe lina la masewera kupita ku Lilongwe, azikathamanga kwinaku akuphunzira, sukulu yochita kuwalipirira.

"Agogo, ndikapanda kuthamanga ndidzakalambira m'fodya muno. Taonani zala zangazi."

Zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, ngati za amalume ake, ngati zanga. Ndinangoti asamathamange m'mimba mulibe kanthu.

Sindibisa, mwanayo ankathamanga bwino. Tsiku lina ndinamuona ndikutola nkhuni pafupi ndi chulu cha m'mbali mwa msewu. Gulu lonse linkabwera pafumbi, telala ali kumbuyo kwenikweni atagwira m'chiuno, ndipo kutsogolo kunali Tithokoze yekha, mutu uli chilili, mapazi akungokhudza pansi ngati akuopa kudzutsa nthaka. Anyamata a kabaza ankamukuwiza kuti awakweze iwo kumsana, akafike msanga. A Nelson ankapalasa njinga pambali pake. Ndinabisala kuseri kwa chulucho kuti asandione ndikumwetulira, chifukwa akanati ndavomera.

Kenako Juni anafika. Amene sanagonepo kuno mwezi wa Juni sadziwa. Dziko lake ndi lathyathyathya, mitengo inathera kumanga zigafa, ndiye mphepo ikanyamuka kumwera palibe choiimitsa, imabwera molunjika mpaka m'mafupa. M'mawa nkhungu imagona padambo, ng'ombe umangoimva kupuma osaiona. Madzi a mumtsuko amaluma mano. Milomo imang'ambika, zidendene zimachita ming'alu yoti n'kubisamo njere ya chimanga.

Gulu la a Nelson linayamba kuchepa. Telala anati bondo likuwawa, adzabweranso kukafunda. Akazi a aphunzitsi anati ana akudwala chimfine. Tithokoze sanajombe. Ankadzuka tambala atalira, n'kutuluka ndi kasiketi ndi malaya a manja aafupi, ine ndikumukuwira m'bulangete kuti chisanu chotere n'chimene chinalowa m'chifuwa cha mayi ake. Sipanatenge nthawi, anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, ndipo akamapuma munkalira ngati muli kamwana ka mphaka. M'mawa wina Zuleka ndi a Nelson anabwera naye atamukhazika pa njinga, milomo itachita bii, mpweya ukukana kulowa.

Ndinapita naye ndekha kuchipatala. Ndinawauza anamwino za Malita, zonse, iwo n'kumuyeza makhololo. Anati si chifuwa chachikulu ayi, koma chifuwa chake chimatseka chikakumana ndi mpweya wozizira. Anamupatsa kabotolo kopopera m'kamwa, n'kumuuza kuti kuthamanga kwa m'mamawa akusiye kaye mpaka chisanu chidutse. Ine ndinathokoza Mulungu pawiri: kuti si chija cha Malita, komanso kuti tsopano wina wovala yunifolomu wanena zimene ndakhala ndikunena.

A Nelson anasintha nthawi. Anati gulu lizikumana dzuwa litapendeka, kukadali kofunda. Kwa Zuleka zinali bwino, chifukwa bambo ake ankakhalira okha golosale nthawi imeneyo. Kwa ife ayi. Juni ndi mwezi wosankha fodya. Umayamba m'mawa tsamba likadali lofewa ndi chinyezi, chifukwa dzuwa likakwera limathetheka m'manja. Masana n'kumanga masambawo m'timitolo totchedwa ndindi, madzulo n'kusanja ndi kufunditsa, kapitawo akuzungulira manja ali kumbuyo. Mkazi wa Lemani anali atapita kwawo kukachira, ndiye manja anali athu atatu basi, anga onjenjemerawa pamodzi.

Tithokoze anapempha amalume ake kuti azimumasula madzulo. Lemani sanakweze mawu. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Za ku Lilongwezo n'za pachala, uyu wa m'chigafayu ndiye adzatidyetse. Anamulonjeza kuti akadinda belo lomaliza adzamumasula tsiku lonse, athamange mpaka ku Dwangwa akafuna. Koma belo lomaliza limadindidwa Julaye akutha, ndipo a Nelson anali atawauza kale ana awo kuti miyendo ikakhalitsa osathamanga imaiwala.

Nthawi yakeyake inali imodzi yokha, ija ya pakati pa tambala ndi dzuwa, ndipo ndi yomweyo anamuletsa anamwino. Anayesa kumanga mpango pakamwa, chifuwa chinatsekabe. Anayesa kulumpha chingwe m'nyumba, chingwe n'kumakoka udzu wa kudenga, mwaye kugwera mu ufa. Ndiye anaganiza za chigafa.

Chigafa cha Lemani chinali chachitali kuposa zonse za mumzere wathu. Fodya wa mikangala ya m'munsi tinali titatsitsa kale, choncho pakati panatsala mpata wautali wopanda kanthu, kuchokera kumzati woyamba kukafika wotsiriza. M'mbali monse Lemani anali atatchinga ndi udzu ndi ziguduli kuti mphepo isaswe masamba. Mmenemo mwanayo ankathamanga uku ndi uku ngati mbuzi ya pachingwe, kugunda mzati ndi dzanja n'kubwerera. Mphepo sinkalowa, koma mpweya unali wozizirabe, ndipo m'pamene anayamba kutenga mbaula yanga. Akuti makala akayaka, m'katimo munkafunda pang'ono moti chifuwa chinkamulola.

Ndinamuuza Lemani tsiku lomwelo la phulusa, ngakhale mwanayo anandinyengerera. Lemani samenya mwana. Anamutenga n'kupita naye pachulu chimene iye amasutirapo ndudu yake, kutali ndi zigafa, mbali imene mphepo imathawira. Ine ndinatsatira chapatali.

"Ukuganiza kuti ndimabwera kuno chifukwa chokonda chiswe?"

Tithokoze anawerama.

"Pa esiteti pano munthu akapezeka ndi machesi m'chigafa amanyamula katundu tsiku lomwelo. Iwe walowa ndi mbaula yathunthu. Chigafa chikayaka sichizimitsidwa, mwana wa achemwali. Anthu amangoima n'kumaonerera."

Analonjeza kuti sadzachitanso. Mbaula ndinaitenga n'kumagona nayo kumutu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkanunkhiza malaya ake ngati muli utsi. Ndinapitanso ndekha kwa a Nelson, ndinawapeza akunola chikwanje pansi pa mtengo. Za chigafa sankazidziwa, ndipo anagwira pakamwa. Anati akamuuza mwanayo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, miyendo ngati yakeyo siitha ndi chisanu chimodzi. Anamuuzadi. Koma mwana akamva mawu awiri kwa mphunzitsi wake amasunga oopsawo, ndipo iye anasunga aja oti miyendo imaiwala.

Masiku anapita osathamanga. Ankasankha fodya, mwendo umodzi ukugwedezeka wokha pansi pa benchi. Gulu la a Nelson likamadutsa pamsewu madzulo, ankatembenuzira msana kumeneko. Lamulungu lokha ndi limene Lemani ankamumasula tikaweruka kutchalitchi. Lamulungu lina anapita kukathamanga ndi anzake, n'kubwera nkhope ili ndwii, chakudya osachikhudza. Nditamukakamiza anati Zuleka wamupitirira pokwera pa mlatho, Zuleka yemwe uja kale iye ankachita kumudikirira.

M'kati mwa sabata imeneyo Zulekayo anabwera pa njinga ya bambo ake. Anandipatsa moni atagwada, mwana waulemu, kenako n'kuyamba kumunena mnzake kuti wanenepa, masaya ngati mandasi, ndipo telala wabwerera ndipo walumbira kuti amupitirira nayenso. Tithokoze anati telalayo angamupitirire pokhapokha atakwera makina ake osokera. Anaseka onse awiri, ndipo ndinakondwa kumva kuseka pakhomopo. Koma Zuleka anabwera ndi uthenga. Galimoto yopita ku mpikisano inali ndi malo ochepa, choncho Loweruka la sabata yamawa a Nelson adzawathamangitsa onse pamaso pa anthu, ndipo otsalira adzatsaladi.

Anabweretsanso mphatso, thalauza lothamangira la pakaunjika, kuti mnzake asamazizidwe miyendo. Ndinaligwira. Linali loterera, lolira m'manja ngati jumbo. Ndinati nsalu yotere imakonda moto, ndinaonapo mwana wina kwathu atayandikira nayo koloboyi.

"Ndiye azithamanga atavala chiyani, agogo, chikopa cha ng'ombe?" anatero Zuleka, n'kusekanso.

Zuleka atapita, Tithokoze anakhala nthawi yaitali thalauzalo lili pamiyendo, akulisisita. Ndinamuuza kuti mipikisano siitha, chaka chamawa udzakhalakonso. Anati chaka chamawa adzakhala atapitirira msinkhu umene a bungwe aja amafuna, ndipo wamva kale amalume akukamba ndi a kwa kapitawo zomukwatitsa kwa mnyamata wawo. Ndinayamba kumukumbutsa za lonjezo la pachulu.

"Ndamva, agogo," anatero, ine ndisanamalize n'komwe.

M'mawa wa tsiku latsokalo kunazizira kuposa masiku onse. Lemani analawirira kwa kapitawo kukadikirira jeke yodindira mabelo, chifukwa jeke ndi imodzi, matenanti ambirimbiri. Ine ndinayang'ana kumutu kwanga, mbaula ili pomwepo, yozizira, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinatenga ndowa kupita kumjigo. Tithokoze anati iye akayambe kuvundukula fodya. Sindinadziwe kuti anali atatola chitini cha penti kuseri kwa ofesi ya esiteti, n'kuchiboolaboola ndi msomali, n'kuchibisa mu udzu pamodzi ndi makala.

Kumjigo kunali mzere. Ndili pamenepo ndinamva mphepo ikusintha, ikubwera mwa apo ndi apo koma mwaukali, kukweza fumbi, kuulutsa mpango wa mayi wina. Kenako ndinamva fungo. Fodya wambiri akamapsa sanunkha ngati ndudu, amanunkha motsekemera, mochititsa nseru. Nditatembenuka ndinaona utsi wachikasu utaima pamwamba pa zigafa za mumzere wathu.

Ndinathamanga. Ine amene ndinati munthu wamkulu amathamangira njoka ndi moto, ndinataya ndowa n'kuthamanga, chitenje chikumasuka, mawondo akulira.

Zimene zinachitika m'katimo anandiuza yekha pambuyo pake. Anali kumapeto kwa chigafa, wangogunda mzati wotsiriza, pamene mphepo inazula chiguduli china n'kuchigwetsera pachitini. Pomwe ankafika ndi ndowa yake ija, moto unali utakwera kale m'mikangala. Anathira madziwo popanda phindu, n'kutuluka. Anatuluka bwinobwino, wopanda bala. Anthu amene anayamba kufika anamuona ataima panja.

Ndiye anakumbukira mulu wa fodya wosankha kale, tsamba labwino lija Lemani ankati alidinde tsiku lomwelo. Unali pafupi ndi khomo, wofunditsidwa. Analowa, n'kukoka mtolo, n'kuutaya panja. Analowanso. Amayi ena anamugwira malaya, anawapulumuka. Ndani akanamugwira mwana wothamanga chotero? Atalowa kachitatu, udzu wa kudenga unagwa uli lawilawi, n'kumugwera kumbuyo kwa miyendo.

Thalauza lija silinayake ngati nsalu. Linafota n'kumatirira pakhungu. Pamene ndinkafika anali atamugubuduza pamchenga, anthu akukangana, ena akuti mazira, ena akuti mankhwala otsukira mano, kapitawo akuti madzi okha. Iye sankalira. Ankangoyang'ana chigafa. Zinali monga ananenera Lemani: amuna onse a mumzere ali ndi ndowa m'manja, akuthira zigafa zoyandikana nazo, chathucho akungochionerera. Lemani anafika atasenza chitsulo cha jeke paphewa, ndipo anaima nacho choncho osachitula mpaka denga lonse linagwa.

Tinamukweza pangolo mpaka pa Mtunthama. A Rajab atamuona anatseka golosale, n'kutitenga pagalimoto yawo kupita kuchipatala cha pa boma. Zuleka anakhala naye kumbuyo atamugwira mutu, akupepesa za thalauza njira yonse.

Tinakhalitsa kumeneko, ine ndikugona pansi pa bedi lake. Miyendo anaivindikira ndi kachitsulo kokhota n'kuyala nsalu pamwamba kuti isakhudze zilonda. Nthawi yotsuka mabala ndinkatuluka panja n'kutseka makutu, komabe ndinkamva. Mawu oti ndinakuuza ndinali nawo pakamwa tsiku lililonse. Sindinawatulutse. Ndinkangomumwetsa phala, ngati kale lija.

Lemani anachedwa kubwera. Atabwera anali atawonda, maso atalowa m'kati. Anakhala pamphepete pa bedi akupotokola chipewa. Tithokoze ndiye anayamba.

"Amalume, uja ndinatulutsa uja munadinda?"

"Ndinadinda."

"Anakwana belo?"

"Anakwana. Tsamba labwino lokhalokha."

Anatseka maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni m'chipatalamo anagona tulo teniteni. Ine ndinayang'ana Lemani, iye n'kuyang'ana pansi. Mitolo ija inapsera panja pomwe anaitayapo, mbaliwali zitaigwera. Phulusa lake ndinaliona ndi maso angawa.

Mpikisano unachitika tili momwemo. M'mawa wa tsikulo tinamva mawezulo ndi phokoso la anthu kumsewu waukulu, ndipo odwala otha kuyenda anadzaza m'mawindo. Tithokoze anandipempha kuti ndikaone, ndidzamuuze. Ndinaona ana a anthu akudutsa, manambala atawamata pachifuwa, dzuwa lili bwino, chisanu chitatha ngati sichinakhaleko. Ndinabwerera n'kumuuza kuti fumbi linachuluka, sindinaone kanthu.

Masana kunabwera Zuleka, nambala ikadali pamalaya. Anati anafika kumbuyo kwenikweni, koma anamaliza. Tithokoze anamufunsa zonse, msewu unali wotani, pokwera panali pati, mpweya unamuthera pati, wotsogola anali wa kuti. Zuleka anati anali mtsikana wa ku Njombwa, wamfupi, wopanda nsapato. A Nelson anaima pakhomo la wodi ndi nthochi m'manja, osalowa. Ndinali nditawakonzera mawu anga kuyambira tsiku la moto, koma nditaona nkhope yawo ndinangolandira nthochizo n'kuthokoza. Pochoka anandiuza motsitsa mawu kuti wa ku Njombwayo Tithokoze akanamusiya kutali. Zimenezo sindinamuuze mwanayo.

Zilonda zinapola mvula itayamba, koma khungu la kuseri kwa bondo lamanja linakokana. Mwendowo suwongoka. Amayenda chotsimphina, chidendene chili m'mwamba, zala zokha zikuponda pansi, ndipo popita kumjigo amachita kupumira panjira. Eni esiteti anafuna kutichotsa monga mwa lamulo lawo, kapitawo n'kutipepesera kuti mwanayo walangidwa kale. Koma za mnyamata wawo zija a kwa kapitawowo sanabwerenso kudzakamba. Kwathu ku Balaka sitinabwerere, tikanapita ndi chiyani m'manja? Lemani anamanga chigafa china pamalo pomwepo, pa nthaka yakuda, ndipo Tithokoze amasoka ndi kusankha fodya ali chikhalire, chifukwa imeneyo ndiye ntchito yotheka popanda miyendo.

Tsopano Juni wabweranso, mphepo yake yomweija. Chisanu chikalowa, zipsera zake zimauma n'kumang'ambika timing'alu totuluka madzi, ndipo ndimamupaka mafuta m'mawa ndi madzulo. Ife tikazungulira mbaula iye sayandikira, chifukwa khungu latsopanolo silipirira kutentha, limayabwa ngati lathiridwa chitedze. Amakhala payekha pakhonde, bulangete lili m'mapewa, mwendo uja atautambasula mmene ungafikire. Gulu la a Nelson likamadutsa pamsewu dzuwa litapendeka, tsopano satembenuka. Amaliyang'ana mpaka lithe, telala pomalizira, kenako amandipempha dzanja kuti adzuke.